Kulemba ntchito wogulitsa kumayamba ndi kope

Tsiku lopita kukaoda ndi limene limamuuza wamalonda kuti manja awiri achepa. Mwini golosale wa ku Chirimba akakwera minibasi kupita ku Limbe, chitseko chimakhala chotseka mpaka masana, ndipo amene wabwera kudzagula sopo ndi shuga sadikira, amangolowa pa golosale yoyandikana nayo. Mayi wa tomato akapita ku Lizulu, benchi lake limatandala lovundikira ndi chiguduli. Kukagwa maliro kumudzi, masiku atatu amadutsa osalowa ndi tambala yomwe. Apa m'pamene maganizo opeza munthu wogulitsa amabwera, ndipo ndi maganizo abwino. Chovuta n'choti ambiri amayamba ndi kufunsa kuti "ndilembe ndani?" pamene funso loyamba linayenera kukhala lakuti "ndimulipira ndi ndalama ziti?"

Malipiro a wogulitsa sachokera pa ndalama zonse zimene zalowa m'kabati. Amachokera pa phindu. Mwachitsanzo, golosale imene imagulitsa katundu wa K150,000 patsiku imaoneka yotentha. Koma ngati pa K100 iliyonse yolowa phindu lake ndi K10, mwini amatsala ndi K15,000 basi, ina yonseyo ndi mpamba umene uyenera kubwerera kokaoda. Tsopano pabwere wantchito wa K130,000 pamwezi, kuwonjezapo nkhomaliro ya K2,000 patsiku kwa masiku 26, yomwe ndi K52,000. Zonse pamodzi ndi K182,000, kutanthauza K7,000 pa tsiku lililonse logwira ntchito. Kuti K7,000 imeneyi ipezeke popanda kudya mpamba kapena kuchepetsa ndiwo kunyumba kwa mwini, golosaleyo iyenera kugulitsa katundu wina wa K70,000 patsiku pamwamba pa amene imagulitsa kale.

K70,000 imeneyo iyenera kukhala ndi kochokera kodziwika. Mwina ichokera m'maola amene chitseko chinkakhala chotseka. Mwina mwini akamasuka atsegula benchi lachiwiri, kapena ayamba kuperekera katundu m'malesitilanti, kapena azikagula yekha kumunda pamtengo wotsika m'malo mogula kwa opikula. Ngati palibe chimodzi mwa izi, ndiye kuti mwini akungogula mpumulo. Si tchimo kugula mpumulo, makamaka kwa munthu amene waima pa benchi zaka khumi, koma adziwe mtengo wake.

Masamuwa asachitike mu June, pamene alimi agulitsa soya, mtedza ndi fodya ndipo ndalama ikuyenda mumsika. Achitike ndi malonda a January ndi February, pamene ndalama yonse yapita ku feteleza ndi fizi. Wantchito amadya miyezi yonse 12.

Palinso malipiro otsikitsitsa amene boma limalengeza kudzera ku unduna wa zantchito. Mu February 2024 anakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, ndipo akhala akusinthabe molingana ndi kukwera kwa zinthu. Amakhalanso m'magulu, moti wantchito wa m'nyumba ndi wa m'sitolo sali pa mlingo umodzi. Ofesi ya leba ya m'boma lililonse imanena chiwerengero chimene chikugwira ntchito panthawiyo, ndipo kufunsa n'kwaulere. Bizinesi imene singakwanitse chiwerengero chimenecho sinafike polemba munthu wapamwezi. Iyambe ndi waganyu wa tsiku lokaoda lokha, kapena wa masiku a msika, wolipidwa madzulo omwewo.

Kope lifike munthu asanafike

Amalonda ambiri amasunga bizinesi yonse m'mutu. Amadziwa mapaketi a shuga otsala pongoyang'ana shelefu, amadziwa amene ali ndi ngongole ya mazira, amadziwa mtengo umene angafikepo kasitomala akanenerera. Zimayenda chifukwa wogula katundu, wogulitsa ndi wosunga ndalama ndi munthu mmodzi. Pakangolowa wachiwiri, zonse za m'mutu zija ziyenera kutsikira papepala, apo ayi mikangano iyamba sabata yomweyo ndipo sipadzakhala wodziwa amene akunena zoona.

Kope wamba la ana asukulu ndi lokwanira. Mzere uliwonse ukhale ndi mtundu umodzi wa katundu: amene analipo m'mawa, amene wawonjezedwa, amene watsala madzulo. M'mawa munali mapaketi a shuga 40, masana kwabwera 20, madzulo kwatsala 35, ndiye kuti agulitsidwa 25. Ngati paketi ili pa K3,000, shuga yekha abweretse K75,000, kaya ya pamanja, kaya ya pafoni, kaya ngongole imene mwini analoleza. M'golosale ya katundu wambirimbiri n'zosatheka kuwerenga zonse tsiku ndi tsiku. Pamenepo aziwerenga tsiku lililonse mitundu isanu kapena khumi imene imathamanga kwambiri kapena yodula, ndipo zotsalazo kamodzi pasabata, tsiku losadziwika kwa wogulitsa.

Katundu wa milu ndi woyeza ndiye amavuta. Tomato, usipa, makala, mafuta ophikira a m'timabotolo, mpunga wa pambale, zonsezi zilibe nambala. Njira yake ndi yoti mwini agulitse yekha dengu lathunthu kapena chidebe chathunthu katatu kapena kanayi, akulemba chimene chatulukamo, basela ndi zoola zomwe. Akatero amadziwa kuti dengu lotere limatulutsa pakati pa ndalama zakuti ndi zakuti. Wogulitsa akamabweretsa zochepera pamenepo tsiku ndi tsiku, pali nkhani yofunsa, kaya ndi kuba, kaya ndi dzanja lolemera pounjika milu. Wa kaunjika naye asamupatse munthu belo losamasula. Alimasule, asankhe zovala m'magulu monga mwa mtengo, awerenge, kenako apereke.

M'kope lomwelo mukhale tsamba la mitengo, ndipo pa katundu wonenerera pakhale mitengo iwiri: woyambira ndi wotsiriza. Wogulitsa amene sadziwa polekezera amachita chimodzi mwa ziwiri. Amakakamira mtengo woyamba mpaka kasitomala achoke, kapena amagonja msanga n'kugulitsa nsapato pamtengo woodera. Tsambali lizikonzedwa nthawi iliyonse mitengo ikasintha kokaoda. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anapitiriza kugulitsa pamtengo wakale anadzaza thumba ndi ndalama zosakwanira kugula katundu yemweyo. Mwini amamva za kukwera kwa mitengo msanga chifukwa ndiye amakaoda, koma wantchito sangalote.

Kope si la kugwira wakuba yekha. Limatetezanso wantchito wokhulupirika. Nthawi zambiri amene amashotetsa ndalama ndi mwini yemwe: watapa K5,000 ya ndiwo, mwana wabwera kudzatenga buledi, bambo a kunyumba atenga ya minibasi, palibe walemba. Pakutha pa mwezi katundu wachepa, ndipo chala chimaloza mtsikana wa pakauntala. Lamulo la m'shopu likhale limodzi kwa onse: chotuluka chilichonse chilembedwe, ngakhale wotenga ali mwini.

Za wachibale

Mbiri ikangomveka kuti pakufunika munthu, foni yoyamba imachokera kumudzi. "Mwanangu, m'bale wakoyu wangokhala chilembere Fomu 4, bwanji umutenge azikuthandiza?" Kukana azakhali n'kovuta, ndipo wachibale ali ndi ubwino wake: kwawo n'kodziwika, sangathawe ndi katundu n'kuzimiririka. Alipo mabizinesi ambiri amene anakula ndi manja a pabanja.

Koma mawu oti "azikuthandiza" ndi amene amaononga. Wothandiza alibe malipiro odziwika, alibe nthawi yoyambira ntchito, ndipo sawerengetsedwa katundu chifukwa kutero kumaoneka ngati kumuyesa wakuba. Pakapita miyezi itatu osalandira kanthu kooneka, amayamba kudzilipira yekha, ndipo mumtima mwake saona ngati akuba. Amati zinthu n'za achimwene. Tsiku limene mwini adzafune kumuchotsa, nkhani sikhalanso ya shopu, imasanduka mlandu wa banja, amalume n'kuitanidwa. Chibale ndi fupa, inde, sichiola, koma mpamba umaola.

Wamalonda amene wasankha wachibale amulembe monga angalembere mlendo, ndipo zinenedwe pamaso pa amene anamupempherayo. "Azakhali, ndimutenga, koma ndizimulipira mwakuti, katundu tiziwerenga limodzi, ndipo zikakanika ndidzamubweza popanda chidani." Mawu amenewa amawawa pang'ono tsiku loyamba, koma amapulumutsa maliro ndi maukwati a m'tsogolo kuti anthu azikhalabe pamphasa imodzi. Wachibale amene wakhumudwa ndi kuwerenga katundu wadziulula yekha nthawi isanathe.

Mwana asalowe m'nkhaniyi. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka zapakati pa 14 ndi 18 saloledwa kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yosokoneza sukulu. Kutenga kamtsikana kumudzi ndi lonjezo la sukulu n'kukakaika pa benchi la mandasi kuyambira mbandakucha ndi mlandu, ngakhale makolo ake atavomera.

Kusankha

Satifiketi ya MSCE siigulitsa katundu. Zimene zimagulitsa ndi nkhope yolandira anthu, masamu a pamutu ndi kupirira. Izi sizioneka pokambirana m'nyumba, zimaoneka pa benchi. Ofuna ntchito aimikidwe pamalo ogulitsira kwa tsiku limodzi kapena awiri, molipidwa, mwini ali chapatali. Kodi amadzuka kasitomala akafika, kapena maso amakhala pafoni? Amapereka moni kwa agogo amene akufuna machesi okha monga amachitira kwa bwana wotsika m'galimoto? Kasitomala akanyoza katundu kuti atsitse mtengo, amapsa mtima kapena amaseka n'kupitiriza? Munthu akagula zinthu za K3,650 n'kupereka K5,000, chenji cha K1,350 chimatuluka msanga kapena mpaka afufuze foni? Wina akafunsa chinthu chimene chatha, amangoti "kulibe", kapena amaonetsa china chofanana nacho n'kukumbukira kuuza mwini madzulo?

Wolongolola kwambiri si ndiye wogulitsa wabwino. Pa malonda a m'dera, pamene ogula ndi omwewo tsiku ndi tsiku, munthu wonamiza kasitomala kuti nsalu siisuluka amagulitsa kamodzi n'kuthamangitsa banja lonse. Chilankhulo nachonso ndi katundu: pamsika wa Mangochi wodziwa Chiyao ali patsogolo, monganso wodziwa Chitumbuka ku Mzuzu kapena ku Jenda.

Mbiri ya munthu ifufuzidwe ndi miyendo. Kalata ya amfumu kapena ya kumpingo ndi yabwino, koma imangonena kuti munthuyo amadziwika. Amene angathe kunena za manja ake ndi amene anamulembapo ntchito, ndipo funso lothandiza kwa iwo ndi limodzi: "Atabweranso, mungamulembe?" Mumsika, atcheyamani ndi oyandikana nawo mabenchi amadziwa anyamata amene achotsedwa malo atatu chaka chimodzi. Mwini akaone kumene munthuyo amagona, adziwe m'bale wake mmodzi wamkulu amene angaime ngati mboni, alembe nambala ya chiphaso cha unzika kapena achijambulitse. Chiphasocho abweze kwa mwini wake. Kusunga chiphaso cha munthu ngati chikole ndi nkhanza, ndipo sikunaletsepo wakuba kuthawa.

Akapezeka, mgwirizano ulembedwe, ngakhale patsamba limodzi la kope: ntchito yake, nthawi yoyamba ndi yoweruka, tsiku lopuma, malipiro ndi tsiku lolandira, za chakudya, za ngongole, ndi zimene zidzachitike ndalama zikashota. Asayine onse awiri ndi mboni, aliyense asunge pepala lake.

Sabata ziwiri zoyamba mwini asachoke. Agulitse limodzi naye, amudziwitse kwa makasitomala akale, amuonetse ndalama yachinyengo mmene imamvekera m'manja, amuchenjeze za anthu obwera awiriawiri, wina akufunsa mitengo wina akusolola. Kenako ayambe kuchoka maola awiri, theka la tsiku, tsiku lonse, uku akubwera nthawi zosayembekezeka.

Malipiro ndi mabowo odziwika

Malipiro okhazikika okha amagonetsa munthu, chifukwa agulitse asagulitse mwezi ukatha alandira. Komishoni yokha imamusandutsa nkhandwe mu December n'kumusiya ndi njala mu February, ndipo munthu wanjala amene wagwira ndalama za wina tsiku lonse ali pamayesero aakulu. Chimene chimayenda bwino ndi kuphatikiza: malipiro okhazikika osatsika pa mlingo wa boma, ndi kangachepe pamwamba malonda akapitirira chiwerengero chimene agwirizana. Kangachepeko kawerengedwe pa katundu amene ndalama yake yalowa, osati wangongole, ndipo pa katundu wonenerera kachokere pa ndalama imene yapitirira mtengo wotsiriza. Kupanda kutero wogulitsa amangotsitsa mitengo kuti atulutse zambiri, iye n'kupindula, mwini n'kuluza.

Tsiku lolipira lisasunthe. Bwana amene amati "dikira kaye, malonda sanayende" pa 30, n'kudzalipira theka pa 12 mwezi wotsatira, akuphunzitsa wantchito wake kuti pamalopo aliyense amadzionera yekha. Paja amati mbuzi imadya pamene aimangirira. Ndalama ya malipiro izipatulidwa tsiku ndi tsiku, K5,000 ija ya m'chitsanzo, isanasakanikirane ndi yokaodera.

Mabowo amene ndalama imathawira ndi odziwika, ndipo ambiri amatsekeka popanda kukangana. Loyamba ndi ngongole: wantchito ali ndi anzake, ali ndi chibwenzi, ali ndi a kumpingo kwawo. Ngongole iziperekedwa ndi mwini yekha, kapena kwa anthu amene mayina awo ali m'kope, ndi malire ake. Lachiwiri ndi foni. Makasitomala ambiri tsopano amalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo nambala yolandirira ikhale ya bizinesi, yolembedwa poonekera, osati ya wogulitsa. Nambala yachinsinsi ikhale ndi mwini. Wogulitsa aphunzitsidwe kuti katundu satuluka chifukwa kasitomala waonetsa uthenga pafoni yake, koma uthenga ukafika pafoni ya shopu ndipo ndalama yaonekadi, popeza mauthenga abodza ndi ochuluka. Lachitatu ndi kukweza mtengo mwamseri: sopo wa K1,500 akugulitsidwa K1,700, K200 n'kulowa m'thumba. Kope limakhala bwinobwino, koma makasitomala amatha mmodzimmodzi. Mankhwala ake ndi kulemba mitengo pachikatoni pamene aliyense angaone.

Bowo lachinayi ndi lochenjera kuposa onse. Wogulitsa amagula katundu wakewake, mayunitsi, ndudu, masiwiti, ngakhale mapaketi angapo a shuga, n'kumagulitsa m'shopu ya abwana. Madzulo katundu wa abwana ali wokwanira, ndalama sizinashote, koma malonda atsika popanda chifukwa. Lendi akulipira mwini, makasitomala ndi a mwini, phindu likupita kwina. Chimagwira zimenezi ndi kuyerekeza malonda a sabata ndi sabata, komanso kuwerenga kodzidzimutsa masana, pamene katundu wopezeka pashelefu angapose wa m'kope. Katundu wopitirira ndi chizindikiro choipa mofanana ndi woperewera.

Ndalama zikashota, choyamba ndi kuwerenganso limodzi. Kushota kwa K300 lero, mawa n'kupitirira ndi K200, ndi zolakwa za chenji zimene aliyense amachita. Kushota kwa tsiku ndi tsiku kolowera mbali imodzi ndi nkhani ina. Kubweza chimene chasowa kutsate zimene zinalembedwa mumgwirizano, ndipo kukhale kwa chinthu chimene chatsimikizika. Kudula malipiro ngati chindapusa, chifukwa choti munthu wachedwa kapena wayankha mwano, lamulo sililola.

Nthawi yogwira ntchito nayo ili ndi malire: maola 48 pasabata, ndi tsiku limodzi lopuma pakatha masiku 6. Maola opitirira amalipiridwa mwapadera. Golosale yotsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 8 koloko usiku ili ndi maola 14 patsiku, ndipo munthu mmodzi sangawanyamule onse. Mwini atenge m'mawa kapena madzulo, makamaka madzulo, pamene ndalama yachuluka m'kabati.

Posiyana

Ngakhale amene anayamba bwino amadzachoka, ndipo wogulitsa waluso nthawi zambiri amachoka kukatsegula yake. Palibe chomuletsa. N'chifukwa chake mwini asasiye makasitomala akuluakulu ndi malo okaoda m'manja mwa wantchito yekha. Aziwaimbira yekha, azionekera.

Pochotsa munthu, lamulo limafuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka, ndi mwayi woti wantchitoyo ayankhepo asanachotsedwe. Wolipidwa pamwezi amayenera kudziwitsidwa mwezi umodzi nthawi isanakwane kapena kulipidwa ndalama ya mweziwo, pokhapokha ngati wapalamula mlandu waukulu monga kuba kotsimikizika. Zonse zimene akuyenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku 7. Wochotsedwa mwachipongwe ali ndi kopita: ku ofesi ya leba, ndipo zikakanika kumeneko, ku khoti la zantchito la Industrial Relations Court. Kumeneko amafunsa mapepala, ndipo bwana amene ali ndi mgwirizano wosayinidwa, kope la katundu ndi tsamba limene wantchito ankasayina polandira malipiro amayankha mosavuta. Wogwidwa akuba aperekedwe kupolisi ndi umboni wa m'kope. Kumuitanira anyamata a mumsika kapena kukalanda katundu kunyumba kwake kumasandutsa wobedwa kukhala woimbidwa mlandu.

Tsiku lomaliza katundu awerengedwe onse awiri alipo, mndandanda wa angongole utsimikizidwe dzina ndi dzina, makiyi ndi foni ya shopu zibwezedwe. Madzulo omwewo loko asinthidwe, ndipo makasitomala a ngongole auzidwe kuti kuyambira mawa azilipira kwa ndani.